Pikapu ya dizilo yokokera makalavani ku Elkhart: yatsopano kapena yogwirapo kale ntchito, mbiri ya ngongole ili yaifupi?

Bambo a Tadala (South Bend):
Akuluakulu nonse, ndakupatsani moni. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata atatu, ndipo ndaona kuti ndiitule pano ndisanasaine pepala lililonse. Ndakhala kuno ku Indiana, ku America, chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndikugwira ntchito m'fakitale ina yopanga makalavani ku Elkhart, ndipo tsiku ndi tsiku ndimaona anthu a mapikapu akuluakulu a dizilo akukoka makalavaniwo kukawatula kwa ogulitsa m'madera akutali a dziko lino. Kumudzi ndinayendetsa lole ya katundu zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa Blantyre ndi Mzuzu, choncho msewu sundiopsa. Chandivuta ndi galimoto.

Ndasunga $8,000. Ndili ndi khadi limodzi lokha la ngongole, lija loyamba mwaikako ndalama zanu ngati chikole, limene ndinatsegula miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, ndipo mapointi anga a FICO, oyezera mbiri ya ngongole, ali pa 641. Ndapita kwa ogulitsa awiri. Woyamba ali ndi Ram 3500 yatsopano ya $70,000, ndipo akuti andipezera ngongole ya miyezi 84 pa chiwongoladzanja cha 15 peresenti, ndizilipira pafupifupi $1,290 pamwezi. Wachiwiri ali ndi Ram 3500 ya chaka cha 2016 imene yayenda mamailosi 140,000, mtengo wake $38,000, ngongole ya miyezi 60 pa 19 peresenti, pafupifupi $850 pamwezi. Onse awiri anena kuti ndikabwera ndi munthu wondiikira kumbuyo amene mbiri yake ili yabwino, chiwongoladzanja chitsika. Kodi ndigule iti, ndipo kodi mitengo imeneyi ndi ya anthu onse kapena andiona kuti ndine mlendo?

Kondwani (Dallas):
Achimwene, ine ndinganene kuti mutenge yatsopano. Injini ya dizilo pa Ram, pa Ford ngakhale pa Chevrolet yakhala ikubwera ndi waranti ya zaka zisanu kapena mamailosi 100,000, pamene yakaleyo ikafa panjira mudzakhala nokha ndi thumba lanu. Kusiyana kwa $440 pamwezi mukhoza kukupeza ndi ulendo umodzi wokha. Komanso wondiwerengera misonkho anandiuza kuti galimoto yolemera chonchi ikagulidwa kuti ikhale ya bizinesi, mtengo wake umachotsedwa pa ndalama zodulidwa msonkho.

Nambewe (Mishawaka):
Bambo a Tadala, ndinagwirapo ntchito zaka zinayi mu ofesi yokonza ngongole kwa ogulitsa magalimoto ena, ndiye ndiloleni ndikuwerengereni ziwerengero zimene sanakuwerengereni mokweza.

Msonkho wogulira katundu kuno ku Indiana ndi 7 peresenti. Pa galimoto yatsopanoyo umakwana $4,900, ndipo mukachotsa $8,000 yanu mukubwereka $66,900. Mukalipira $1,290 kwa miyezi 84, mudzakhala mutapereka ndalama zoposa $108,000, ndipo zoposa $41,000 mwa zimenezo ndi chiwongoladzanja chokha, ndalama zokwanira kugula galimoto yachiwiriyo n'kutsalako. Pa yakaleyo mukubwereka $32,660, ndipo pa 19 peresenti chiwongoladzanja chake chikwana pafupifupi $18,000. Ngongole yomweyo ikanakhala pa 10 peresenti mukanalipira $694 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chonse chikanakhala pafupifupi $9,000. Apatu sindinaikepo tindalama ta mapepala ndi zina zimene amaonjezera nthawi yosaina.

Mwafunsa ngati akuonani kuti ndinu mlendo. Mbali ina ayi, pakuti mabanki saona nkhope, amaona kuti muli ndi khadi limodzi la miyezi isanu ndi iwiri ndipo simunabwezepo ngongole yaikulu. Zaka zonse zimene munakhulupirika kumudzi sizilembedwa ku Equifax, ku Experian kapena ku TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole. Mbali ina inde, chifukwa wogulitsa akatumiza pempho lanu ku mabanki, banki imamuuza chiwongoladzanja chimene ingavomere, ndipo iye nthawi zambiri amaikapo kena pamwamba kamene kamakhala phindu lake. Munthu amene sanafunsepo kwina sangadziwe zimenezi. Ndiye musanabwerereko, pitani ku credit union, mabungwe aja ofanana ndi ma SACCO a kumudzi, mukapemphe kuti akuuzeni polemba kuchuluka kwa ndalama zimene angakubwerekeni ndiponso pa chiwongoladzanja chanji. Musaope kuti kufunsa m'malo angapo kugwetsa mapointi anu. Mafunso a ngongole ya galimoto akachitika onse mkati mwa masiku 14, FICO imawawerenga ngati funso limodzi.

Ndikuchenjezeninso zinthu ziwiri. Ambiri a ife timamva kuti kuno ukagula chinthu uli ndi masiku atatu oti ubweze. Lamulo limenelo silikhudza galimoto yogulidwa pamalo a ogulitsa, mukasaina mwasaina. Chachiwiri, musalole kuchoka ndi galimoto pamene banki isanavomereze ngongole kotheratu. Ndinaonapo anthu akuitanidwa patatha sabata, akuuzidwa kuti banki yakana ndipo asaine pepala lina la chiwongoladzanja chokwera, iwo atauza kale abale onse kuti agula galimoto.

A Jere (Goshen):
Mphwanga, ine ndakoka makalavani zaka zisanu ndi zinayi, ndipo galimoto imene ndikuyendetsa pano ndi yachitatu. Mayi Nambewe alankhula za mapepala, ine ndilankhula za msewu, pakuti funso lanu lakuti yatsopano kapena yakale labwera msanga. Loyamba ndi lakuti kodi ngongole ndi galimoto, chidzayamba kutha ndi chiti.

Munthu wogwira ntchito imeneyi mosalekeza amayenda mamailosi 90,000 kapena 100,000 pachaka. Zaka zanga zabwino ndinkapitirira pamenepo. Ndiye waranti imene a Kondwani akuitamayi, ya zaka zisanu kapena mamailosi 100,000, kwa inu ndi waranti ya chaka chimodzi, chifukwa imathera pa chimene chayamba kukwana. Chaka chachitatu chikamatha galimoto yanu yatsopano idzakhala itayenda mamailosi 300,000, inu mukadali ndi zaka zinayi zolipira $1,290 mwezi uliwonse, ndipo mukafuna kuigulitsa palibe amene adzakupatseni ndalama zofika pa ngongole yotsala. Ngongole ya miyezi 84 inakonzedwera munthu wopita ku ntchito ndi kubwerera kunyumba, amene amayenda mamailosi 12,000 pachaka, osati ife.

Chachiwiri, makampani onyamula amalipira mtunda umene mwakoka kalavani basi. Mukatula ku Oregon kapena ku Arizona, kubwerera kuno mumabwera opanda kanthu kumbuyo, mafuta ndi anu, chakudya ndi chanu, ndalama za pa msewu wolipira wa Toll Road ndi zanu. Ndalama imene amalengeza pa mailo iliyonse muziigawa pawiri m'mutu mwanu musanayambe kusangalala. Yanga ikamakoka imayenda mamailosi 10 kapena 11 pa galoni, ndipo mphepo ya ku Wyoming pa I-80 ikandiwomba kumaso imatsika kufika 8. Ikakhala yopanda kanthu imafika 18. Simuli wolembedwa ntchito, ndinu kontrakitala, choncho palibe amene akukudulirani msonkho, ndipo msonkho wa anthu odzilemba okha ntchito, umene ndi 15.3 peresenti, mumalipira nokha pamwamba pa msonkho wa ndalama zolowa. Zoti mtengo wa galimoto umachotsedwa pa msonkho n'zoona, koma kuchotsa kumathandiza munthu amene wapeza phindu loti achotserepo. Boma silikubwezerani $70,000.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna mumve bwino, pakuti inu mwafika kumene. Malonda a makalavani amakwera ndi kutsika ngati madzi a mu Shire. Mu 2021 mafakitale anatumiza makalavani ndi magalimoto ogonamo oposa 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo, ndipo aliyense amene anali ndi laisensi anathamangira kukagula pikapu. Mu 2023 chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 313,000. Ine ndinakhala masiku ambiri ndikuyang'ana foni kudikira katundu, ndipo anzanga awiri analandidwa magalimoto. Amene analipo mu 2009 amanena kuti zinali zoposa apa, munthu mmodzi mwa asanu alionse kuno ku Elkhart anali pa ulova, mpaka Pulezidenti Obama anabwera mu Febuluwale chaka chimenecho kudzalankhula ndi anthu. Inu mukugwira ntchito m'fakitale ya makalavani ndipo mukufuna kukoka makalavani. Malonda akagwa, ntchito imene mwasiya ndi ntchito imene mwalowa zidzagwera limodzi, koma banki idzafunabe ndalama zake tsiku lomwe munagwirizana.

Kondwani (Dallas):
Bambo Jere, za waranti ndavomera, sindinaganize za mtunda. Koma kodi pamenepa sindiye kuti yakaleyo ndi yoopsa kwambiri? Ya mamailosi 140,000 ikayenda zaka zitatu ifika 440,000, ngongole ikadalipo zaka ziwiri.

A Jere (Goshen):
Mwawerenga bwino, ndipo n'chifukwa chake miyezi 60 nayonso sindikuikonda. Lamulo langa ndi lakuti ngongole ya galimoto yokokera isapitirire miyezi 36. Ngati malipiro a miyezi 36 akukulemerani, ndiye kuti galimotoyo ndi yodula kuposa msinkhu wanu, funani ina kapena onjezerani ndalama zoyambira.

A Gondwe (Indianapolis):
Ndine makaniko wa injini za dizilo, ndipo ndiyankha mbali yokhayo imene ndikuidziwa. Mamailosi 140,000 pa injini ya Cummins 6.7, imene ili mu Ram imeneyi, si ukalamba. Injini imeneyi ndi ya masilinda asanu ndi limodzi ondondozana, imapangidwa konkuno ku Indiana, kufupi ndi Columbus kumene kuli likulu la kampaniyo, ndipo ndaonapo zambiri zitadutsa 400,000 zisanatsegulidwe. Zimene zimasaukitsa eni ake ndi zinthu zozungulira injiniyo.

Funsani kaye kuti giyabokosi yake ndi iti. Ram 3500 ya 2016 ikhoza kukhala ndi 68RFE kapena Aisin, zosintha zokha magiya, kapena ya magiya osintha ndi dzanja. Pa ntchito yokoka tsiku ndi tsiku Aisin ndi yolimba, pamene 68RFE ndaitsitsa kambirimbiri m'galaja mwanga, makamaka ngati mwini wake anaonjezera mphamvu za injini pa kompyuta. Kukonza giyabokosi ndi madola masauzande angapo, ndipo inu mukufuna kupereka $8,000 yanu yonse tsiku logula. Ikafa mwezi wachiwiri mudzakonzera chiyani?

Ndiye pali zida zoyeretsa utsi. Kuyambira pakati pa 2007 magalimoto amenewa ali ndi sefa yogwira mwaye yotchedwa DPF, ndipo kuyambira 2011 pa Ford ndi Chevrolet, 2013 pa mapikapu a Ram, amathiranso madzi aja oyeretsera utsi otchedwa DEF. Zida zimenezi zikalephera, kompyuta ya galimoto imachepetsa liwiro mpaka mumayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Ubwino wanu ndi wakuti ntchito ya mtunda wautali imagwirizana nazo, chimene chimazitseka ndi kungolira galimoto itaima ndi maulendo afupiafupi a m'tauni. N'chifukwa chake pa chionetsero cha kutsogolo muyang'ane maola amene injini yagwira ntchito ndi maola amene yalira itaima, osati mamailosi okha. Mukapeza kuti zida zimenezi zinachotsedwa, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti ndi ubwino chifukwa imamwa mafuta ochepa, chokanipo. Lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchotsako, ndipo kubwezeretsa ndi ndalama zambiri. Nkhani ya utsi boma silinasewere nayo: mu Disembala 2023 Cummins inavomera chindapusa cha $1.675 biliyoni pa nkhani ya mapulogalamu a utsi m'ma Ram 2500 ndi 3500, ndipo a zaka za 2013 mpaka 2019 anaitanidwa kuti akakonzedwe. Ya 2016 ili m'gulu limenelo. Tengani nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17 ija, muilembe pa tsamba la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto, ndipo mufunsenso kwa ogulitsa ma Ram ngati zonse zinachitidwa.

Mukayamba kuyang'ana mitundu ina chifukwa cha mtengo, dziwani izi. Ford ya injini ya 6.0, ya zaka za 2003 mpaka 2007, ndi ya 6.4, ya 2008 mpaka 2010, zimagulitsidwa motchipa pa chifukwa, ndipo munthu wa ndalama zochepa sindingamulangize. Palinso pampu ya mafuta ya Bosch yotchedwa CP4, imene ili pa Ford 6.7 kuyambira 2011, pa Duramax ya Chevrolet ya 2011 mpaka 2016, ndi pa Ram ya 2019 ndi 2020. Pampu imeneyi ikadyeka mkati imamwaza tizitsulo m'njira yonse ya mafuta, ndiye mumasintha pampu, ma injekita, mapaipi, n'kutsukanso thanki. Ram inaitana magalimoto ake mu 2021 kuti ichotse pampuyo. Ya 2016 imene mwaionayo ili ndi CP3 yakale, ndipo pamenepo mwachita mwayi.

Chomaliza ndi dzimbiri. Galimoto imene yakhala zaka zonse kuno, kumene amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, muilowe pansi ndi tochi, muone chimango chake ndi mapaipi a mabuleki. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogulitsa amadziwa kupopera utoto wakuda pamwamba pa dzimbiri. Pa zenera pake payenera kukhala pepala lotchedwa Buyers Guide, ndipo ngati palembedwa kuti As Is, ndiye kuti mukangotuluka pa geti vuto lililonse ndi lanu. Wogulitsa amene akana kuti makaniko wanu aione asanagulitse wakuuzani kale zonse.

Bambo a Tadala (South Bend):
Ndathokoza nonse, ngakhale kuti mwandiziziritsa thupi. Bambo Gondwe, giyabokosi sindinafunse n'komwe, ndipo ndikuchita manyazi chifukwa kumudzi lole sindikanagula osaiona pansi. Ndinatengeka ndi mipando ndi matayala. Tsono ndifunsenso za wondiikira kumbuyo. Alamu anga akhala kuno zaka khumi ndi ziwiri, ndi namwino, ndipo mbiri yawo ndi yabwino kwambiri. Wogulitsa woyamba anandiuza kuti mwina n'kwapafupi kuti ngongole yonse ilembedwe m'dzina lawo, ine ndizingowapatsa ndalama mwezi ndi mwezi. Sindinawafunsebe.

Nambewe (Mishawaka):
Zimenezo musayese, Bambo. Kulemba ngongole m'dzina la munthu wina pamene galimoto ndi yanu, banki osaiuza, ndi kunamiza banki, ndipo ndi mlandu kwa alamu anuwo amene adzasaine. Kuonjezera apo mbiri yanu sidzakula ngakhale pang'ono, mudzalipira zaka zisanu ndi ziwiri n'kukhalabe mlendo ku mabanki. Kusainira limodzi n'kololedwa, koma ndi nkhani ina imene ili ndi kulemera kwake.

Ndikumbutsenso chinthu chimene ndinaiwala. Mapangano ambiri a ngongole ya galimoto ya munthu wamba amanena kuti galimotoyo si yonyamulira katundu wolipidwa, ndipo inshuwaransi wamba nayonso imakana kulipira ngozi yochitika pa ntchito yotere. Muuze wobwereketsa aliyense poyera kuti mukufuna kukokera makalavani, ndipo mufunse mtengo wa inshuwaransi musanagule, chifukwa munthu amene laisensi yake ya kuno ndi ya chaka chimodzi amamutchaja kwambiri, ndipo kuno ku Indiana a inshuwaransi amayang'ananso mbiri ya ngongole.

Mayi a Mphatso (Berrien Springs):
Ndimangowerenga, koma apa ndilankhule. Ine ndinasainirapo mnyamata wina wa kumpingo kwathu ngongole ya pikapu. Anali wakhama ndi waulemu, ndipo mpaka lero sindinena kuti anali wakuba. Analipira bwinobwino miyezi khumi ndi itatu, kenako katundu anachepa, giyabokosi inafa ali kutali, ndipo anachita manyazi kundiuza. Ine ndinadziwa pamene banki inandiimbira foni, miyezi iwiri itadutsa osalipira, ndipo zinali zitalembedwa kale pa mbiri yanga, pamene zimakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Galimoto anadzaitenga usiku, popanda kupita kukhoti, anakaigulitsa pa okishoni pa mtengo wotsika, ndipo ndalama zotsala pa ngongole, pamodzi ndi zolipira amene anadzaikoka, anazifuna kwa ine. Ambiri timaganiza kuti galimoto ikalandidwa nkhani yatha. Sinathe, ndinalipira zaka ziwiri galimoto imene sindinaikwerepo, ndipo nyumba imene tinkafuna kugula tinaichedwetsa.

Kwathu mboni imangoima pambali n'kunena kuti munthuyu ndikumudziwa. Kuno wosainira ndi mwini ngongole wachiwiri, ndipo banki ikhoza kuyamba ndi iye. Bambo a Tadala, alamu anu mukawapempha adzavutika kukana chifukwa cha mlongo wawo, ndipo kuvutika kumeneko ndi kumene mukhale mukugwiritsa ntchito. Ngati mufika poti muwapemphe, muwaonetse ziwerengero za Mayi Nambewe ndi mawu a Bambo Jere, muwapatse njira yoti aziona okha pa intaneti ngati mwalipira, ndipo mugwirizane polemba kuti pakatha chaka mudzasamutsa ngongoleyo kuti ikhale m'dzina lanu lokha.

A Jere (Goshen):
Mayi anena zoona, ndipo zoterezi ndaziona kangapo. Mphwanga, pali njira imene simunaiganizire. Makampani omwewa amafunanso madalaivala okatula magalimoto ogonamo, aja okhala ndi injini yawoyawo. Pamenepo simufunika pikapu, mumayendetsa katunduyo mwini, ndipo pobwerera mumakwera basi, ndege, kapena mumakoka kagalimoto kanu kakang'ono kumbuyo. Malipiro ake ndi ocheperapo, koma mudzaphunzira zonse: kalembedwe ka maola, malo oyezera kulemera, mmene ogulitsa amafufuzira zokanda pa katundu kuti akuduleni ndalama, ndiponso ngati thupi lanu ndi banja lanu zingapirire masiku asanu ndi limodzi muli panjira. Mukaona kuti si ntchito yanu, mudzangosiya popanda ngongole. Funsani kampani iliyonse kuti imafuna zaka zingati za laisensi ya kuno, chifukwa zimasiyana, ndipo chiphaso cha dokotala cha DOT, unduna wa zamtengatenga, mudzachifuna mulimonse.

Za laisensi ndifotokozenso, pakuti zimakhudza galimoto imene mudzasankhe. Kulemera kolembedwa pa chitseko cha pikapu mukakuphatikiza ndi kolembedwa pa kalavani n'kufika mapaundi 26,001, kalavaniyo ili yoposa mapaundi 10,000, mukufunika CDL, laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu, ya gulu A. Ram 3500 ya matayala anayi kumbuyo imalembedwa mpaka mapaundi 14,000, ndiye kalavani ikangopitirira 12,000 mwalowa kale m'lamulo limeneli. Amawerenga zolembedwa, ngakhale sikelo ionetse zocheperapo tsikulo. Inu amene munayendetsa lole, CDL mukhoza kuipeza, ndipo ndalama za sukulu yake zidzakubwererani msanga kuposa ndalama za mipando yachikopa. Muikenso pambali ndalama za chokokera cha fifth wheel chomangidwa pamsana pa pikapu, thanki yoonjezera ya mafuta, ndi chikole chimene makampani ambiri amasunga. Zonsezi sizili mu $38,000 ija.

Nambewe (Mishawaka):
Ndikugwirizana ndi Bambo Jere, ndipo miyezi imeneyo ikhoza kukugwirirani ntchito. Pa mapointi a FICO, 35 peresenti imachokera pa kulipira nthawi yake, 30 peresenti pa kuchuluka kwa ngongole imene muli nayo poyerekeza ndi malire a khadi, ndipo 15 peresenti pa kutalika kwa mbiri. Ziwiri zoyambazo zili m'manja mwanu lero lomwe. Ngati khadi lanu lili ndi malire a $500 ndipo mumaligwiritsa ntchito mpaka $400, ngakhale mumalipira zonse mwezi ukatha, banki imatumiza $400 ija ndipo mumaoneka ngati munthu wopanikizika. Muzilipira tsiku lotsekera mwezi lisanafike kuti pazioneka $30 kapena $40. Ku credit union mufunse za kangongole komangira mbiri, kamene ndalama zake amazisunga iwo n'kukupatsani mukamaliza kulipira. Alamu anu, m'malo mosainira galimoto, akhoza kukulembani ngati wololedwa pa khadi lawo lakale, osakupatsani khadilo n'komwe, ndipo mabanki ambiri amatumiza mbiri ya khadilo pa dzina lanunso. Pamenepo iwo sataya kanthu. Chipereganyu chathu chimathandiza kusonkhanitsa ndalama zoyambira, koma sichilembedwa kulikonse, choncho muchite zonse ziwiri. Sindingakulonjezeni nambala imene mudzafike, koma munthu wa zaka ziwiri za mbiri yoyera ndi $16,000 m'manja amalandiridwa mosiyana ndi mmene anakulandirirani.

Kondwani (Dallas):
Ine ndikadali ndi mantha amodzi, akuti munthu akadikira mitengo imakwera ndipo galimoto yabwino imapita. Koma ndikawerenga za Mayi a Mphatso ndilibe mawu. Achimwene, mukadzafika pogula mundiuze, kuno ku Texas mapikapu amenewa ndi ambiri ndipo sadziwa mchere. Ndikhoza kukakuonerani ndi makaniko wanga.

Bambo a Tadala (South Bend):
Ndabwereranso patatha masiku khumi kuti ndikuuzeni zimene zachitika. Ku credit union anandilandira bwino, koma ananena kuti pa mbiri yanga sangapitirire $15,000, ndipo nditawauza kuti ndi yokokera makalavani anati imeneyo ndi ngongole ya bizinesi imene imafuna mapepala a msonkho osonyeza kuti ndagwirapo kale ntchitoyo. Ndatsegula nawo kangongole komangira mbiri ka miyezi khumi ndi iwiri. Ndinabwereranso kwa wogulitsa wachiwiri ndi tochi. Giyabokosi ndi 68RFE, maola olira itaima ndi ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo nditapempha kuti ndiitengere kwa makaniko anati pali munthu wina amene akubwera ndi ndalama madzulo omwewo. Dzulo ndadutsapo, ikadali pomwepo. Woyamba uja wandiimbira kanayi, ndipo ulendo womaliza 15 peresenti ija inasanduka 12.9 popanda ine kuchita chilichonse, zimene zandisonyeza kuti Mayi Nambewe amanena zoona za kena kapamwamba kaja.

Alamu anga ndinawauza nkhani yonse, osawapempha kusaina, ndipo avomera kundilemba pa khadi lawo. Amayi a kunyumba akuti ntchito ya m'fakitale ndisasiye mpaka nyengo ya chisanu itadutsa, ndipo sindinatsutse. Ndatenga kabuku ka mayeso a CDL ku BMV, ofesi yopereka malaisensi. Bambo Jere, makampani awiri amene ndawaimbira za magalimoto ogonamo akufuna zaka ziwiri za laisensi ya kuno, ndipo ine ndatsala ndi miyezi khumi ndi umodzi. Kodi mukudziwako amene amawerengera zaka zimene munthu anayendetsa kunja, ndipo ngati alipo, kalata yochokera kwa amene anandilemba ntchito ku Blantyre ingathandize, kapena amafuna yochokera ku ofesi yoona za pamsewu?

A Jere (Goshen):
Si kampani imene imakana, ndi inshuwaransi yawo, choncho kalata ya bwana payokha siikwanira. Itanitsani zonse ziwiri, pakuti kuitanitsa pepala kumudzi kumatenga nthawi ndipo simutaya kanthu kukhala nazo. Loweruka lino ndikukatenga kalavani ku Middlebury yopita ku Missouri, ndipo ndifunsa ku ofesi ngati angandilole kukwera ndi munthu. Akavomera mupemphe tchuthi cha Lolemba, tinyamuke 5 koloko m'mawa, ndipo mutenge kope kuti muzilemba galoni iliyonse imene tithire popita ndi pobwera.